Mmene mungatsogolere zokambirana wina akafunsa kuti: Mulungu wachikondi analoleranji namondwe?

Ngati mumatsogolera mlaga, mphakati, gulu la amayi kapena la achinyamata, funso ili lidzakupezani, mufune musafune. Wina adzakweza dzanja n'kunena kuti: Mulungu timati ndi wachikondi, timatinso palibe chomulaka, nanga analoleranji kuti matope a m'phiri la Soche akwirire ana ku Chilobwe? Ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Blantyre, ndipo chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, funsoli ndalimva kwa anyamata a kukoleji, kwa amayi amene anagona m'makalasi a sukulu ya Naotcha, ngakhale kwa akulu anzanga amene amalifunsa motsitsa mawu tikatuluka m'msonkhano. Ndikulemba zimene ndaona kuti zimathandiza pokambirana, ndi zimene zimavulaza anthu.

Yambani mwayang'ana amene akufunsayo

Mawu angafanane, koma ofunsa ndi awiri. Pali namfedwa amene wangoika mwana m'manda, kapena amene sanaike n'komwe chifukwa mtembo sunapezeke. Iyeyu akati "Mulungu anali kuti?" akulira, sakukupemphani phunziro. Pali wina amene walingalira nkhaniyi kwa miyezi, wawerenga, wamva za pa Facebook, ndipo akufunadi yankho. Woyambayo khalani naye, mutungireni madzi, funsani ngati ana adya. Wachiwiriyo ndiye wokambirana naye.

Anzake a Yobu atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyambirira pamene anakhala naye pansi osanena kanthu (Yobu 2:13). Zinthu zinasokonekera atatsegula pakamwa. Pasiwa si pochitira mtsutso. Ndipo mawu ena amene tinazolowera pa maliro, pa imfa ngati izi amabaya. "Tinkamukonda koma Mulungu wamukonda koposa." Mayi amene mwana wake anakokoloka akumuona amamva kuti Mulungu anamulanda mwana pogwiritsa ntchito matope ndi miyala. Mawu akuti Yehova anapatsa, Yehova watenga ali m'Baibulo ndithu, pa Yobu 1:21, koma anawanena ndi Yobu mwini wake, mwini maliro. Akatuluka m'kamwa mwa ife amene ana athu ali moyo kunyumba, kulemera kwake kumasintha. "Pepani" yekha, ndi kukhalapo kwanu mpaka adzukulu atamaliza, n'zokwanira tsiku limenelo.

Zokambirana zenizeni zikonzereni tsiku lakelake. Lengezani mutuwo sabata imodzi isanakwane, kuti amene bala lake likadali laliwisi asankhe yekha kubwera kapena ayi. Gulu likhale laling'ono, loti aliyense amveke, ndipo mukhale mozungulira, osati inu kutsogolo ngati pa guwa. Poyamba penipeni nenani kuti lero palibe amene atchedwe wofooka m'chikhulupiriro chifukwa cha funso lake, ndipo zonenedwa pano sizipita kwa abusa ngati mlandu. Lonjezo limeneli mulisunge. Mukaliswa kamodzi, achinyamata sadzafunsanso pamaso panu. Azikafunsa kwina kumene inu kulibe.

Tsegulani ndi lemba limene likudandaula, osati limene likutonthoza. Ine ndimakonda Salimo 88, chifukwa limatha mumdima popanda "koma" wina aliyense. Habakuku 1:2 akufunsa Mulungu kuti adzafuula mpaka liti osamvedwa. Pa Marko 4:38 ophunzira ali m'ngalawa yodzaza madzi akudzutsa Yesu n'kumufunsa ngati sizikumukhudza kuti akufa. Anthu akaona kuti funso lawo lili kale m'Baibulo, mapewa amatsika. Kenaka funsolo linenani inuyo mtsogoleri, mwamphamvu zake zonse, osalichepetsa: ngati akanatha kuletsa koma sanafune, chikondi chake chili pati? Ngati anafuna koma analephera, mphamvu zake zili pati? Perekani ndi kukula kwa nkhaniyo. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno tikawerengera ndi amene anasowa, ndipo oposa 500,000 anathawa m'nyumba zawo. Izi zinagwa dziko likulimbana kale ndi kolera, patangopita chaka chichokereni anamondwe a Ana ndi Gombe a mu 2022. Mukabisa zimenezi, wofunsa uja amadziwa kuti mukumuzemba.

Yankho loyamba kubwera: "chinali chilango"

Silichedwa, ndipo kawirikawiri limachokera kwa munthu wodzipereka pa mpingo. Adzati machimo achuluka, atsikana akuvala mosayenera, anthu asiya kupemphera, ano ndi masiku otsiriza. Musamunyoze, koma yankho limeneli musalisiye lidutse, chifukwa m'gulumo mungakhale munthu amene akuuzidwa pamenepo kuti mkazi wake anafera machimo.

Njira imene ndimaona kuti imagwira ndi kufunsa mafunso osavuta. Anafa ndani? Anali a ku Chilobwe ndi ku Manja, a m'mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu, a ku Nkhulambe ku Phalombe, a ku Muloza ku Mulanje, a m'zigwa za Nsanje ndi Chikwawa. Ambiri anali osauka, ambiri anali ana. Ndiye funsani: kodi amene anaba ndalama za boma pa Cashgate mu 2013, ndalama zimene zikanatha kugula mankhwala m'zipatala, usiku umenewo anagona kuti? Anagona m'nyumba za njerwa zootcha, pamalo okwera bwino, madzi akuyenda m'ngalande. Chilango chotani chimene chimalumpha wakuba n'kukagwera khanda la miyezi isanu? Woweruza wa ku khoti atachita zotere tingati ndi wachinyengo. Tisamunenere Mulungu zimene sitingalole kwa majisitireti.

Kenaka tsegulani Luka 13:1-5. Yesu akutchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha, ndipo akufunsa ngati iwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Yankho lake ndi lakuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira akufunsa za munthu wobadwa wosaona, ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake, ndipo Yesu akukana zonse ziwiri. Pa Mateyu 5:45 mvula ikugwera olungama ndi osalungama omwe. Koma lemba limene limatontholetsa chipinda ndi Yobu 42:7. Anzake a Yobu anakhala machaputala ambirimbiri akuteteza Mulungu ponena kuti masoka a Yobu ndi malipiro a tchimo lobisika. Pamapeto Mulungu akukwiyira iwowo, akuti sananene zoona za Iye monga ananenera Yobu, yemwe uja ankadandaula ndi kufunsa. Lembali muwerengetse munthu amene wanena za chilangoyo, mokweza, ndipo musawonjezepo kanthu.

Wina adzatchula chigumula cha Nowa ndi Sodomu. Ali ndi mfundo, muvomereni: Baibulo lili ndi nkhani zimene tsoka likutchedwa chiweruzo. Koma m'nkhani zimenezo lemba lenilenilo ndi limene likunena choncho. Za Freddy wauzidwa ndani? Mneneri amene akulengeza pa wailesi tsoka litachitika kale kuti Mulungu anamuonetsa chifukwa chake, mufunseni chifukwa chimene sanapite ku Chilobwe tsokalo lisanagwe kukauza anthu kuti asamuke. Kumbutsaninso gulu kuti nkhani ya Nowa imathera pa pangano la pa Genesis 9:11, ndi kuti pa Genesis 18 Abrahamu akutsutsana ndi Mulungu yemwe kuti n'kosayenera kupha wolungama pamodzi ndi woipa.

Ndimalimbikira pamenepa chifukwa kufunafuna wolakwa pa tsoka kumapha anthu. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha agogo anayi powaganizira ufiti. Mvula ikachedwa, m'midzi ina nkhalamba zimanenedwa kuti zamanga mvula. Maganizo akuti tsoka lililonse lili ndi mwini wake ndi amodzimodzi, kaya avala za ufiti kaya za tchalitchi.

Agogo akanena za Napolo

Achinyamata amaseka. Aletseni. Akuluakulu a ku Phalombe amene anaona madzi ndi miyala zikutsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 amati Napolo anadutsa, ndipo a ku Zomba ananenanso chimodzimodzi za chigumula cha mu 1946. Kaya wina amakhulupirira za chinjoka chosamuka kuphiri kapena ayi, m'nkhani imeneyi muli chikumbumtima cha malo: agogowo amadziwa njira imene madzi anadzera, ndipo amadziwa kuti adzadzeranso momwemo. Madzi saiwala khwawa. Afunseni kuti aloze pamene panadutsa, ndi amene amangapo nyumba lero. Mukatero mwalowa kale m'gawo lotsatira.

Gawo la anthu

Apa gulu limayamba kupuma bwino, chifukwa pali zogwirika. Mvula ndi ina, imfa ndi ina, ndipo pakati pake pali zochita za anthu. Amene anakulira mu Blantyre amakumbukira mapiri a Ndirande ndi Soche ali ndi mitengo. Mizu imagwira dothi. Mukaichotsa, dothi lokhuta madzi limatsetsereka. Nyumba zakwera mpaka pakati pa phiri. Akatswiri amanenanso kuti nyanja zikamatentha chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto, anamondwe amanyamula mvula yochuluka, ndipo utsi umenewo gawo la Malawi ndi lochepetsetsa. A nthambi yoona zanyengo anachenjeza masiku angapo Freddy asanafike, koma chenjezo limathandiza munthu amene ali ndi kothawira.

Chitsanzo chimene ndimapereka ndi cha dziko la Bangladesh. Mu 1970 namondwe mmodzi anapha anthu osachepera 300,000 kumeneko. Anamondwe sanasiye kubwera, ndipo dzikolo silinasanduke lolemera mwadzidzidzi, koma anamanga nyumba zolimba zothawiramo, n'kuphunzitsa anthu oyenda m'midzi ndi zimkuzamawu kuchenjeza anzawo. Masiku ano namondwe wamkulu amapha anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Mulungu wa 1970 ndi yemweyo wa lero. Chinasintha ndi zimene anthu anachita.

Koma chenjerani, pano pali dzenje. Yankho lakuti "ndi anthu" limatha kusanduka chilango chija chitangosintha malaya. Wina adzati anadzifunira okha, anamangiranji m'phiri? Mufunseni mtengo wa puloti pamalo abwino mu Blantyre, ndi malipiro a mlonda kapena mayi wogulitsa tomato. Wootcha makala amaotcha chifukwa ife a m'tauni timagula, ndipo ambiri m'chipindamo nsima ya dzulo anaphikira makala omwewo. Ngati pali mlandu, ndi wa tonse, ndipo waukulu uli kwa amene ali ndi mphamvu zogawa malo ndi kusunga malamulo, osati kwa amene anakwiririka.

Ndipo musanamize gulu kuti gawo la anthu lamaliza nkhani. Silinamalize. Mvula ngati ya Freddy imagumula ndi malo amene mitengo ilipo. Zivomerezi za ku Karonga mu Disembala 2009 palibe anazibweretsa podula mtengo. Mnyamata wochenjera adzakuuzani zimenezi, ndipo adzakhala akunena zoona.

Dziko mmene linapangidwira

Yankho limene ine ndimaliona lolemera kuposa ena ndi ili: zinthu zimene zimatipha ndi zomwezo zimene zimatidyetsa. Nyanja ya Malawi ilipo chifukwa nthaka inang'ambika n'kutitimira, ndipo ming'alu yomweyo ndi imene imagwedeza Karonga, ndi imene inagwedeza Salima mu 1989. Usipa ndi chambo zikuchokera m'chigwa chomwecho chimene chimabweretsa chivomerezi. Mvula imene timaipempherera mu Novembala ndi chinyezi chochokera kunyanja zikuluzikulu, ndipo madzi ofunda a nyanja ya Indian ndi amene anadyetsa Freddy kwa masabata oposa asanu, kuchokera kufupi ndi Australia mpaka kudzalowera ku Quelimane m'dziko la Mozambique. Funsani wa ku Nsanje chifukwa chimene amabwerera kudimba madzi akaphwa: Shire akasefukira amasiya nthaka imene imabereka chimanga ndi mbatata popanda feteleza. Dziko loyenda mwa malamulo okhazikika ndi limene mlimi angadzalemo, dokotala angachizemo, mmisiri angamangemo mlatho. Madzi akanati lero atsike, mawa akwere phiri malinga ndi amene wapemphera, palibe akanatha kukonzekera kalikonse.

Lifotokozeni bwino yankho limeneli, kenaka dikirani, chifukwa kutsutsa kukubwera. Mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti: Wamphamvuzonse sakanatha kupanga nyanja popanda chivomerezi? Ndipo ngati Yesu analetsa namondwe pa nyanja ya Galileya chifukwa cha anthu a m'ngalawa imodzi, analekeranji kuletsa usiku umodzi wokha chifukwa cha ana a ku Ntauchira? Funso limeneli ndi labwino, ndipo mumuuze mwanayo kuti ndi labwino. Musathamangire kulikwirira ndi nyimbo. Ena adzayankha kuti chilengedwe chinawonongeka ndi kugwa kwa Adamu, n'kuwerenga Aroma 8:22 pamene Paulo akuti cholengedwa chonse chikubuula ngati mayi pa nthawi yobereka. Lembali limathandiza chifukwa likuvomera kuti dziko silili mmene liyenera kukhalira. Ena adzati ndi ntchito ya Satana. Aloleni anene, koma onetsani kuti funso langosuntha pang'ono: m'buku la Yobu Satana sakuchita kanthu popanda kuloledwa, ndiye tabwerera kwa wololayo.

Yankho lina limene limamveka lokoma ndi lakuti Mulungu amafuna kutiphunzitsa, ndipo taonani zabwino zimene zinatuluka. Zabwino zinalipodi. Ndinaona anyamata akukumba matope ndi makasu ndi manja, Asilamu ndi Akhristu akunyamula machira amodzi, amayi a Mvano akuphika phala m'misasa. Zimenezi zitchuleni. Koma kunena kuti zabwino zinatuluka m'tsoka n'kosiyana ndi kunena kuti tsoka linabwera kuti zabwinozo zituluke. Mwana wa munthu si choko choti Mulungu alembere ena phunziro pa bolodi. Ine chiphunzitso chimenecho ndimachikana poyera.

Samalani ndi maumboni

Ichi ambiri sitichiganizira. Wopulumuka amaimirira n'kunena kuti madzi anafika pakhomo n'kupatuka, Mulungu anandikonda, ndine wodalitsika. Chimwemwe chake n'choona, ndipo kuthokoza n'koyenera. Koma pa benchi yachitatu pali bambo amene madzi sanapatuke pakhomo pake, amenenso ankapemphera usiku womwewo. Iye akumva kuti sanakondedwe. Musanalole umboni, lankhulani ndi woperekayo pambali. Athokoze chifukwa cha moyo, koma asapereke chifukwa chimene iye anasiyidwira, ngati kuti chakhumi chake kapena kusala kudya kwake ndiko kunapatutsa madzi. Ndipo pa tsiku la maumboni mutchulenso mayina a amene anapita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, maliro n'kulirana.

Akakufunsani pamene inuyo mwaima

Adzakufunsani, ndipo muyankhe monga munthu, osati monga ofesi. Ine ndimanena chonchi. Sindikhulupirira kuti Mulungu anatuma matope aja. Ndimakhulupirira kuti imfa zambiri zikanapeweka, ndipo zimenezo zili pa ife. Chotsalacho, chifukwa chimene sanatambasulire dzanja usiku umenewo, Baibulo silinatipatse. Mulungu atayankha Yobu m'kavuluvulu kuyambira chaputala 38, sanamuuze chifukwa chimene ana ake khumi anafera m'nyumba yogwetsedwa ndi mphepo. Chimene chimandisunga m'chikhulupiriro ndi Yesu amene analira pa manda a Lazaro (Yohane 11:35), amenenso pamtanda anafuula funso lomweli, kufunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira (Marko 15:34). Mulungu amene ndimamupembedza analowa m'masautso, sanawaonere patali, ndipo analonjeza tsiku limene adzapukuta misozi yonse (Chivumbulutso 21:4). Ichi ndi chikhulupiriro, ndipo ndimachitchula choncho. Si masamu oti ndingakakamize nawo munthu.

Pakhoza kukhala wina amene adzati yankho losavuta n'lakuti kulibe Mulungu, kuli mphepo ndi madzi basi. Musamuthamangitse, ndipo musalole gulu limuzinge ndi mapemphero ngati wagwidwa ndi ziwanda. Maganizo akewo anthu anzeru akhala nawo kuyambira kale. Chivomerezi cha ku Lisbon, m'dziko la Portugal, cha pa 1 Novembala 1755, chimene chinagwetsa matchalitchi anthu ali pa mapemphero a tsiku la Oyera Mtima Onse, chinagwedeza chikhulupiriro cha ambiri ku Ulaya. Mufunseni modekha chimene iye amauza namfedwa, ndi kumene amapeza chiyembekezo, ndipo mvetserani yankho lake mpaka amalize. Ngati pali Msilamu amene mwamuitana, mupatseni mpata afotokoze za kupirira kwa mneneri Ayubu, amene ife timati Yobu, monga amaphunzitsira kwawo. Cholinga si kupeza wopambana. Mukaona awiri ayamba kuponyerana mavesi, aimitseni n'kufunsa munthu amene sanalankhulepo.

Nthawi ikatha, musakakamize kuti onse agwirizane chimodzi, ndipo wokayika uja musamusankhe kuti atseke ndi pemphero ngati njira yomubwezera m'khola. Pitani mukamuone kwawo mkati mwa sabata, ndipo ngati wina analira pa zokambiranazo, ameneyo muyambire. Mphindi khumi zomaliza zisungireni ntchito: lembani mabanja a mumlaga mwanu amene ali m'khwawa kapena pansi pa miyala ya phiri, nkhalamba ndi olumala amene sangathe kuthawa okha usiku, ndi munthu amene adzakagogode pa khomo lililonse chenjezo likamveka pa wailesi. Gwirizanani ndi abusa ndi amfumu za chipinda cha tchalitchi kapena sukulu chimene chidzatsegulidwe, ndi amene azisunga kiyi. Mndandandawo uwerengedwenso mu Okutobala, mvula isanayambe, chifukwa anthu a lendi amasamukasamuka.